Mwana abatizidwe pano kapena adikire akule? Mmene mungaiyendetsere nkhaniyi pakhomo

Abale anga a kuno ku Harare, nkhaniyi yautsa mapokoso m'makomo ambiri ku Mabvuku, Tafara, Mufakose uko, makamaka pomwe mayi ndi a CCAP kapena Katolika koma bambo amapemphera ku Baptist, ku Seventh Day kapena kwa a Pentekosite. Mwana wangobadwa kumene, agogo ayamba kale kufunsa kuti ubatizo liti.

Musanayambe kukwezerana mawu mvetsani kaye zomwe mnzanuyo amakhulupirira. Obatiza makanda amati ubatizo ndi chisomo cha Mulungu, iye ndi amene amayamba kutifuna ife tisanadziwe kanthu, ndiye mwana wa okhulupirira amalowa m'pangano monga zinkakhalira ndi mdulidwe, werengani Akolose 2:11-12, komanso pa Machitidwe 16 Lidiya ndi woyang'anira ndende uja anabatizidwa pamodzi ndi a pabanja pawo. Enawa amati ayi, munthu ayambe wamva uthenga, walapa, wavomereza ndi pakamwa pake, kenako amizidwe thupi lonse chifukwa Aroma 6:4 akukamba zoikidwa m'manda ndi Khristu. Mkanganowu ndi wakale zedi, ku Zurich, ku Switzerland, anthu anayamba kubatizana ali akuluakulu mu 1525 ndipo ena anaphedwa nazo. Ndiye musamatchule ubatizo wa mnzanu kuti wabodza chonde, zimawawa.

Mukagwirizana zobatiza khanda, pitani nonse awiri kwa abusa kapena bambo mfumu, osatuma agogo. Adzafuna kudziwa ngati inuyo mumapempheradi, poti amene amalonjeza ndi inu makolo, mwana sayankha. Ku Katolika musankhenso mayi kapena bambo wa ubatizo, ndipo apa ndimadandaula kwambiri, anthu amasankha wa galimoto kapena amene ali ku Joni kuti azitumiza zovala, pomwe pakufunika munthu woti mwanayo azimuwona akupemphera. Dziwaninso kuti sizithera pomwepo, akakula adzalowa kalasi kuti avomereze yekha, Akatolika ali ndi Ukaristia woyamba ndi Ulimbitso.

Mukasankha kudikira, pemphani abusa amudalitse mwanayo pamaso pa mpingo, mipingo yomiza yambiri imachita zimenezi. Agogo afotokozereni mwaulemu, muwauze kuti amayi, mdzukulu wanuyu sitinamutaye, tikumuphunzitsa. Koma zomubatiza mwana mobisa mnzanu ali kuntchito ayi, zimenezo zimaswa banja.

Wamkulu amene ukufuna kubatizidwa, yamba ndi maphunziro, usathamange. Ku Katolika akatekumeni, ndiye kuti akuluakulu okonzekera ubatizo, amaphunzira nthawi yaitali ndithu ndipo kawirikawiri amabatizidwa usiku wa Pasaka. Ngati ukusintha mpingo funsa msanga ngati ubatizo wako wakale akuulandira. Akatolika sabatizanso munthu amene anabatizidwa kale ndi madzi m'dzina la Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera, koma a Baptist kapena a Seventh Day adzakumiza ngati unangothiridwa madzi pamutu uli khanda. Tenga thawulo ndi zovala zosinthira, zosaonekera mkati zikanyowa, ndipo ngati kuli kotheka pewani June ndi July, kuzizira kwa kuno mukukudziwa. Madzi a mu mtsinje wa Mukuvisi ndi akuda, ku nyanja ya Chivero kuli ng'ona, bola dziwe la patchalitchi.

Satifiketi ya ubatizo muisunge pamodzi ndi ya kubadwa, muijambulenso pa foni. Adzaifuna tsiku lomwe mwanayo azidzalembetsa ukwati, kaya ndi kuno kaya kumudzi ku Dedza.