Momwe mungayambire mapepala a CII mukadali pa yunivesite

Anyamata ndi atsikana a kuno kuchigwa cha Shire amene mukuphunzira za inshulansi ndi risk management, holide iliyonse mukatsika Thabwa funso lanu limakhala lomwelija, akuti achimwene digiri payokha ikwana? Ikwana kukulowetsani mu intavyu, koma mukakhala pampando paja amafunsanso ngati munayambako mapepala a professional, mayeso a mabungwe a akatswiri a ntchitoyi ngati CII, ndiye amene ali ndi ngakhale limodzi lokha amaoneka kuti ntchitoyi akuifunadi. Ine ndinayamba ndili chaka chachitatu ndipo ndimadandaula kuti bwenzi nditayamba chaka chachiwiri.

Choyamba sankhani bungwe limodzi, musamwazike. Chartered Insurance Institute, CII, ili ku London ndipo ndi imene anthu a m'makampani a inshulansi amaidziwa kwambiri. Makwerero ake ndi atatu, Certificate imafuna ma credits 40 (mapointi amene mumapeza mukakhoza pepala), Diploma 120, Advanced Diploma ija amati ACII 290. Kwathu kuno kuli Insurance Institute of Malawi ku Blantyre, pitaniko ndi miyendo mukafunse zomwe akuphunzitsa chaka chimenecho komanso mitengo, osangomva za m'magulupu. Amene mtima wanu uli ku risk osati kugulitsa mapolise kuli Institute of Risk Management, nayonso ya ku London, koma kwa mwana wasukulu wodalira ndalama ya thonje kapena ya mbuzi ndimati imeneyo idikire kaye mpaka mudzayambe kulandira.

Mukatsegula akaunti pa webusaiti ya CII pepala loyamba kwa ife amene sitili ku UK ndi W01, Award in General Insurance, ma credits 15. Musalakwitse n'kugula IF1, imeneyo yadzaza malamulo a ku UK. Mukaonjezera WUE ya underwriting (kuunika ngozi musanapereke polise) ndi WCE ya claims (kuona zopempha chipukuta misozi), lililonse ma credits 15, mwafika 45, Certificate yatheka. Palinso zoti amatha kukuchotserani mapepala ena poona zomwe munaphunzira kale, amati recognition of prior learning, koma zimenezo mudzazione digiri ili m'manja.

Kulipira ndi mapaundi, apa ndiye pamafunika mtima. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 anzanga ena amene ankati tilipira mwezi wamawa anangosiyiratu, ndalama yomwe anasunga sinakwanenso. Mukaipeza ndalamayo lipirani msanga, pitani ku banki yanu ndi invoice mukapemphe ndalama zakunja za maphunziro, zimachedwa koma ndi njira yoongoka. Pali anthu ena pa WhatsApp amati nditumizire pa foni ndikulipirira ndi khadi langa, reti yake yokwera ngati ya pamsewu ndipo mnzanga wina anatumiza, mpaka lero nambala ija siikupezeka. Omwewonso amagulitsa ma PDF a buku ati motchipa, chonsecho ndi la zaka zakale pomwe silabasi amaikonzanso, muwerenga zinthu zoti zinachotsedwa.

Kuwerenga sindikuuzani zambiri, ndinu ana a pa yunivesite. Insurable interest, utmost good faith, indemnity, subrogation, contribution, proximate cause, zonsezi munazimva kale m'kalasi. Chimene chinandithandiza ine n'kuziika pa zinthu zakwathu. Proximate cause, chimene kwenikweni chayambitsa chionongeko, ndinaimvetsa poganiza za golosale ya ku Bangula, madzi osefukira alowa, mawaya agundana, moto wabuka, katundu wapsa, tsono chaononga katunduyo kwenikweni n'chiyani, ndipo polise ikuti chiyani za madzi. Ife tinaona madzi a January 2015, namondwe Idai mu 2019, namondwe Ana mu January 2022 amene anaononga Kapichira dziko lonse n'kukhala mumdima, kenako Freddy mu March 2023, ndiye za ngozi palibe angatiphunzitse ngati nthano, chimene tikusowa ndi pepala basi. Muwerengenso nkhani ya inshulansi ya chilala imene boma linagula ku African Risk Capacity nyengo ya 2015/16, poyamba makina awo anati palibe cholipira chifukwa anawerengera mtundu wina wa chimanga osati umene alimi anadzala, atakonza m'pamene anapereka madola 8.1 miliyoni. Imeneyo ndi basis risk yeniyeni, pamene muyeso wa inshulansi sukugwirizana ndi chionongeko chimene chachitikadi, ndipo mu intavyu imakutulutsani bwino.

Tsono mayeso, apa ndi pamene ndinagwa ndipo ndikufuna mumve bwinobwino. W01 ndi mafunso 100 osankha yankho, maola awiri, pofunika kupeza 70 pa 100. Mutha kulemba pa intaneti muli kwanu, wina akukuonani pa kamera, ndiye ine ndinati bwanji ndiononge thiransipoti ndi malo ogona ku Blantyre pomwe laputopu ndili nayo, ndilembera konkuno ku Ngabu. Unali mwezi wa November, ndinasankha 1 koloko masana poganiza kuti ana akhala ali kusukulu pakhomo pali zii. Sindinaganize za dzuwa. Malamulo ake amafuna ukhale wekha m'chipinda, wina asalowe, ndiye ndinatseka chitseko ndi zenera lomwe kuopa phokoso la njinga za kabaza, nyumba yamalata yopanda siling'i, inu a kuno mukudziwa mmene mumakhalira nthawi imeneyo. Magetsi anali atazima kuyambira m'mawa, fani osayenda, laputopu ili pa batire, intaneti ndikukoka pa foni. Ndili cha pa funso la 40 ndinamva kafani ka m'kati mwa laputopu kakulira kwambiri, pansi pake potentha osagwirika, foni nayo inalemba kuti yatentha n'kudula hotspot yokha. Ndikulimbana ndi foni laputopu inangozima. Ndinaiika pa simenti, kuipepesera ndi katoni, pomwe imayakanso nthawi inali itapita kale ndipo mutu unali utabalalika. Ndinalira ndithu tsiku limenelo, chifukwa ndalama ija mayi anagulitsa mbuzi ziwiri, ndipo kuti ndilembenso ndinayenera kulipira kachiwiri.

Ulendo wachiwiri ndinachita chonchi. Ndinasankha mwezi wa June kukuzizira, nthawi ya m'mawa. Ndinakwera minibasi dzulo lake kukagona kwa achemwali ku Blantyre kumene netiweki ndi yokhazikika, ndinapempha chipinda chimodzi ndi kuwauza onse kuti kwa maola atatu asagogode. Ndinayesa laputopu pa system check yawo masiku atatu mayeso asanafike komanso usiku wake, batire yodzaza, pawabanki ya foni, ma SIM awiri a makampani osiyana onse ali ndi bandulo, laputopu nditaikweza pa timabuku tiwiri kuti mpweya uzipita pansi. Chiphaso chokhala ndi chithunzi chikhale pafupi ndipo dzina lifanane ndendende ndi la pa akaunti, ife timakonda kusintha kalembedwe ka maina, kusukulu kwina pa ID kwina, zikonzeni kusanache. Ngati simungathe kukwera kumtunda pezani ofesi kapena nyumba ya siling'i ya sola ku Nchalo kapena pa boma, koma masana a October ndi November ayi ndithu.

Mukakhoza W01 musapume nthawi yaitali, tengani WUE kenako WCE, limodzi pa semesita kuti zisalimbane ndi mayeso a kusukulu. Mukamaliza Certificate, kuti mulembe Cert CII kumapeto kwa dzina pamafunika kukhala membala wolipira chaka ndi chaka. Pa CV lembani pepala lomwe mwakhoza ndi chaka chake, ndipo pofuna atachimenti musangothamangira makampani akuluakulu okha, ma broker (amkhalapakati a inshulansi) ndi ma loss assessor (owerengera zoonongeka) nawonso amatenga ana asukulu, kalata mukasiye nokha pa ofesi mwezi umodzi holide isanayambe.