Kusintha WordPress kuti ikhale yatsopano popanda kutaya kanthu

Bambo, mwafunsa mmene mungaikire WordPress yatsopano (pulogalamu yoyendetsera webusaiti) pa webusaiti ya malo anu ogona alendo ku Likhubula, osataya zithunzi ndi mauthenga a anthu odzakwera phiri la Mulanje.

Choyamba, sungani kope la zonse: database (nkhokwe ya zolemba za webusaiti) kudzera mu phpMyAdmin (chida chotsegulira nkhokweyo), foda ya wp-content ndiponso fayilo ya wp-config.php. Kopelo likhale pa kompyuta yanu kapena pa flash, osati pa seva (kompyuta yosunga webusaiti) yomweyo, chifukwa seva ikavuta zonse zimatayikira limodzi. Gawo ili musalidumphe ngakhale mutakhala pachangu chotani.

Kenako funsani kampani imene imasunga webusaiti yanu ngati PHP yawo (pulogalamu imene WordPress imadalira pa seva) ikugwirizana ndi WordPress yatsopanoyo. Akavomera, lowani pa Dashboard (tsamba loyang'anira webusaiti), zimitsani mapulagini onse (timapulogalamu towonjezera pa WordPress), sankhani Updates, ndipo dinani batani loikira WordPress yatsopano. Onetsetsani kuti laputopu ili ndi moto wokwanira komanso bandulo ilipo, ndipo musatseke tsambalo ntchito isanathe.

Mukamaliza, yatsani mapulaginiwo imodziimodzi uku mukuyang'ana masamba anu, makamaka fomu yosungitsira malo, kuti yosokoneza idziwike msanga. Webusaiti ikakakamira pa uthenga wa maintenance (woti ikukonzedwa), fufutani fayilo ya .maintenance kudzera mu File Manager (chida choonera mafayilo a pa seva).