Nambala ya pa chikwangwani si yanu

Nyengo ino ndakhala pansi ndi alimi angapo amene abwera ndi mapepala a ngongole nkhope zitagwa, ndipo dandaulo lawo ndi limodzi. Anaona chiwongola dzanja china pa chikwangwani kapena pa foni, koma pa pepala losaina anapeza china chokwera. Ena akuti anaberedwa. Sanaberedwe ayi. Anatenga nambala imene sinali yawo n'kukonzerapo ndondomeko ya chaka chonse, mbewu, feteleza, aganyu, zonse. Kumeneko ndiye kugula mbereko mwana asanabadwe.

Patsogolo pa nambala yolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu ija pamakhala timawu ting'onoting'ono toti "kuyambira pa", ndipo timeneto ndi timene anthu safuna kuwerenga. Nambalayo ndi ya munthu amene wobwereketsa amam'funa kwambiri: wolandira malipiro mwezi ndi mwezi, wopanda ngongole zina, amene sanaphonyepo tsiku lobweza. Ngongole ya munthu payekha nthawi zambiri ilibe chikole. Wobwereketsa alibe choti adzagwire mukalephera, choncho akakukayikirani amadzitchinjiriza pokweza chiwongola dzanja. Mtengo wanu weniweni umadziwika fomu yanu itaunikidwa, osati mudakali pa msewu kuyang'ana chikwangwani.

Ngakhale kumene malamulo ali okhwima zili choncho. Ku Britain, nambala yotsatsira ngongole imatchedwa representative APR, ndipo lamulo limangofuna kuti anthu 51 pa 100 alionse amene apatsidwa ngongoleyo alandire mtengo umenewo kapena wotsikirapo. Otsala 49 aja akhoza kulipiritsidwa zambiri popanda lamulo lophwanyidwa. Chisanafike chaka cha 2011 malirewo anali anthu 66 pa 100. Ndipo musaiwale kuti okanidwa sawerengedwa n'komwe.

Tiyeni tiwerengere, pakuti apa ndi pamene pamandipweteka. Tinene kuti mwabwereka ndalama yokwana 100,000, ya dziko lililonse, yobweza m'miyezi 24. Pa 12 peresenti pachaka, yowerengedwa pa ngongole yotsala, mumabweza pafupifupi 4,700 pamwezi, ndipo chiwongola dzanja chonse chimafika pafupifupi 13,000. Akakupatsani 24 peresenti, pamwezi ndi pafupifupi 5,300. Munthu amayang'ana kusiyana kwa 600 kuja n'kunena kuti n'zochepa, asaine basi. Koma pomaliza wapereka chiwongola dzanja cha pafupifupi 27,000, kuposa kuwirikiza kawiri. Ndalama 14,000 yoonjezerayo siichokera kumwamba. Imachoka mu zokolola zomwe zija munaziwerengera kale kuti zidzagwira ntchito ina.

Bambo wina wachikulire, mlimi wakhama ndithu, anabwera kwa ine ndi nkhani ya pampu yothirira. Anaona malonda, anawerengera, anauza ngakhale wogulitsa pampuyo kuti amusungire. Atam'patsa mtengo wokwera anapsa mtima, ndipo sabata yomweyo anakadzaza mafomu kwa obwereketsa ena anayi. Aliyense anam'patsa mtengo wosakoma, womaliza n'kum'kaniratu.

"Alangizi, ine sindinabepo kanthu ka munthu. Akundiona ngati ndani?"

Ndinati, "Bambo, sakukudziwani. Akuona zimene zalembedwa."

Zimene zinalembedwa ndi izi. Ndalama zawo zimabwera kamodzi kapena kawiri pachaka, ndipo zambiri sizidutsa ku akaunti. Panali ngongole yaing'ono yakale imene anaibweza mochedwa miyezi iwiri, iwo ataiwala kale. Pamwamba pa zimenezo, mafomu asanu m'sabata imodzi. M'maiko ambiri muli mabungwe osunga mbiri ya ngongole, monga Experian, Equifax ndi TransUnion, ndipo pempho lililonse la ngongole likhoza kusiya chidindo pa mbiri ya munthu. Wobwereketsa wachisanu akaona zidindo zinayi zatsopano saganiza kuti uyu akufananiza mitengo. Amaganiza kuti madzi afika m'khosi. Bambowa pomaliza anabwerera kwa woyamba uja n'kusaina, chifukwa mawu anali atapereka kale kwa wa pampu ndipo manyazi anawagwira.

Chimene chimanditopetsa n'chakuti chaka ndi chaka timanena zomwezi. Munthu yemweyo sangagule mbewu osayang'ana tsiku pa paketi, koma pepala la ngongole amasaina ataimirira, chala chili pamene wam'lozera kalaliki. Ena amasunga ndalama zonse m'nyumba, kenako n'kudabwa kuti banki siikukhulupirira kuti amapeza. Idziwa bwanji? Ena amaganiza kuti kubwereka pang'ono ndiye kutsika mtengo, pamene obwereketsa ambiri amasungira mtengo wabwino uja ngongole za kukula kwakutikwakuti, zing'onozing'ono n'kumazilipiritsa zambiri. Nthawi yobweza nayo imasintha mtengo. Za ndalama yoyendetsera fomu ndi inshuwalansi zimene amaziphatika pambali sindiyamba n'komwe, mukuzidziwa.

Tsono chochita. Musanalonjeze aliyense kanthu, funsani wobwereketsa ngati angakuuzeni mtengo wanu popanda kusiya chidindo pa mbiri yanu, chifukwa ena amatha kutero. Kaoneni mbiri yanu ya ngongole, ndipo ngati muli cholakwika kachikonzetseni musanapemphe. Ndalama za zokolola zizidutsa ku akaunti. Akakupatsani pepala, funsani funso limodzi: zonse pamodzi ndidzabweza zingati? Alembe nambalayo, mupite nayo kunyumba, mugone nayo. Ngati siikugwirizana ndi zimene munda wanu ungatulutse, m'bwezereni pepala lake losasaina, ndipo dikirani miyezi ingapo musanadzaze fomu ina.