Mwana akathyoka chigongono: zochita kuyambira pomwe wagwa mpaka mawaya atachotsedwa

Mwana akamagwa amatsogoza dzanja, ndipo mphamvu yonse ya kugwako imakathera pa chigongono, pomwe fupa la mkono wakumtunda ndi lopyapyala. N'chifukwa chake mwa kuthyoka konse kwa pachigongono, komwe kumachitika kwambiri kwa ana ndi kwa pamwamba pang'ono pa mfundoyo, komwe madokotala amati supracondylar fracture, makamaka kwa ana a zaka 5 mpaka 7. Ena amachira ndi chikhakha chokha, ena amafunika opaleshoni. Mbali yanu makolo ndi iyi.

1. Musauwongole mkonowo

Usiyeni mmene mwanayo waugwirira. Ikani kathabwa kapena katoni yolimba pansi pake, mumange momasuka ndi nsalu, n'kuukoleka m'khosi. Osakoka, osasisita, osathowa. Pafupi ndi fupali padutsa mtsempha waukulu wa magazi ndi mitsempha itatu yoyendetsa zala, ndipo nsonga ya fupa lothyoka ndi yakuthwa. Vulani mphete ndi zibangili mkono usanatupe.

2. Yang'anani zala, osati chigongono chokha

Apa ndi pomwe ndikufuna mukhazikike, chifukwa maso a aliyense amathamangira potupa pomwe uthenga weniweni uli kuzala. Kodi dzanja ndi lofunda kapena lazizira? Tsinani chikhadabo mpaka chiyere, kenako siyani: mtundu wake ubwerere pasanathe masekondi 2. Muuzeni mwana akweze chala chachikulu, apange kabwalo pokhudzitsa nsonga ya chala chachikulu ndi cholozera, ndiponso atambasule zala zonse motalikirana. Chilichonse mwa zitatuzi chikuyesa mtsempha wake. Dzanja likakhala lozizira, lotuwa kapena la dzanzi, musadikire kuti kuche, nyamukani nthawi yomweyo ndipo mukafika muwauze anamwino zimenezi poyamba.

3. Asadye kanthu panjira

Ngati pafunika opaleshoni, mwana amagonetsedwa ndi mankhwala, ndipo m'mimba muyenera kukhala mopanda chakudya kwa maola pafupifupi 6. Kumbukirani nthawi yomwe anadya komaliza ndi yomwe anagwa. Adzakufunsani.

4. Mvetsani zomwe X-ray yaonetsa

Chigongono cha mwana sichili ngati cha wamkulu. Mbali zina zikadali zofewa ndipo sizioneka pa chithunzi, moti nthawi zina dokotala amajambulanso mkono wabwinowo kuti ayerekeze. Fupa likang'aluka koma osasuntha, chikhakha cha masabata 3 kapena 4 chimakwanira. Likasuntha, pafunika kulibwezera ndi kulimanga.

Pali kuthyoka kwina kwa mbali yakunja ya chigongono, lateral condyle, komwe kumanyenga: kutupa kumakhala kochepa, koma kachidutswako kakasuntha kupitirira mamilimita 2, kawirikawiri kamafuna opaleshoni, apo ayi sikalumikizana. Kwa ana okulirapo ndi achinyamata, kafupa ka mbali yamkati, medial epicondyle, kamatha kuzuka, nthawi zambiri chigongono chikaguluka, ndipo kakakodwa mkati mwa mfundo palibe njira ina koma kukachotsamo.

5. Dziwani zochitika mu opaleshoni

Makolo ambiri akamva mawu oti opaleshoni amaganiza za bala lalikulu. Kawirikawiri sizitero. Mwana atagona, dokotala amabwezera fupa pamalo pake ndi manja akuyang'ana pa X-ray, kenako amalowetsa timawaya tachitsulo 2 kapena 3 kudzera pakhungu. Nsonga zake zimatsala kunja, zopindidwa, zobisika m'chikhakha. Amang'amba pokhapokha fupa likakana kubwerera, likaboola khungu, mtsempha wa magazi ukavulala, kapena akafuna kuona bwino mkati mwa mfundo. Kwa achinyamata nthawi zina amagwiritsa ntchito screw m'malo mwa mawaya. Musanasaine chikalata chovomereza, funsani kuti aikamo chiyani ndipo chidzachotsedwa liti.

6. Masiku awiri oyamba, khalani tcheru

Sanjikani mkono pa mtsamiro kuti dzanja likhale pamwamba pa chigongono, ndipo mwana azigwedeza zala pafupipafupi. Mpatseni mankhwala a ululu monga mwauzidwira. Choopsa kwambiri nthawi iyi ndi kutupa kwa mkati komwe kumapanikiza minofu mpaka magazi osayenda. Mwana wamng'ono sangafotokoze, koma mudzaona akulira mowonjezereka, osakhazikika, mankhwala osamugwira, ndipo akukuwa mukamutambasula zala. Bwererani kuchipatala ngakhale pakati pa usiku. Kuchedwa kwa maola ochepa kungasiye dzanja lopindika ndi lofooka moyo wonse.

7. Samalani chikhakha

Chisanyowe, ndipo mwana asasolotsemo kamtengo pokanda. Fungo loipa, mafinya kapena kutentha thupi zitha kusonyeza kuti pamawaya palowa tizilombo. Musaphonye tsiku lomwe mwapatsidwa lobwerera, chifukwa ndi pomwe amaona ngati fupa silinasunthe.

8. Mawaya akachotsedwa

Amachotsedwa pakatha masabata 3 kapena 4, ndipo a lateral condyle amatha kukhala mpaka masabata 6. Nthawi zambiri amazulidwa mwana ali maso, ndipo sizitenga nthawi. Chigongono chidzakhala chouma, osawongoka bwino. Musachikakamize, ndiponso musamunyamulitse zolemera kuti chiwongoke, chifukwa kutero kumawonjezera kuuma. Msiyeni azidya yekha, kuvala ndi kulemba, mkono udzamasuka pang'onopang'ono m'masabata kapena miyezi ingapo. Achinyamata ndi amene amafuna mafizo kawirikawiri kuposa ana aang'ono. Kukwera mitengo, njinga ndi mpira zidikire mpaka dokotala avomereze. Mkono ukayamba kuwongoka, muimitse mwana atambasule mikono yonse iwiri zikhatho zitayang'ana kutsogolo. Wovulalawo ukaoneka wokhotera mkati kapena kunja kusiyana ndi unzake, mukamuonetse kwa dokotala wa mafupa.