Akabwera kudzayeza munda wanu, musafulumire kudinda chala

Ndikulankhula ndi inu alimi anzanga a kwa Kunthembwe ndi ena a m'mbali mwa Shire, kumene ntchito ya magetsi ya Mpatamanga ikukhudza minda. Chipukuta misozi chimabwera kamodzi, pamene munda umadyetsa banja chaka ndi chaka.

Tsiku la kalembera, pamene oyeza akulemba minda ndi mitengo yoti ilipidwe, musatume mwana. Pitani nokha pamodzi ndi amfumu, muyende nawo malire onse. Mtengo uliwonse uwerengedwe: mango, masau, nthochi, nsungwi, ngakhale bulugamu wa m'malire. Mango wobereka amulembe kuti ndi wobereka, asamuike pamodzi ndi mbande.

Dimba ndi limene ambiri amaliiwala, makamaka oyeza akafika m'dzinja lili m'madzi. Chonsecho ndi dimba lomwelo limene limatulutsa tomato ndi mpiru wokagulitsa ku Lunzu m'chilimwe, ndalama ya fizi, sopo ndi kuchigayo. Alozereni, muwauze madengu amene mumathyola pa sabata, ndipo muone ndi maso anu kuti alemba.

Funsaninso tsiku lotsekera kalembera, chifukwa zobzala kapena kumanga pambuyo pake sizilipidwa.

Nkhani ya dzina imandiwawa mtima. Kuno kwa chikamwini munda nthawi zambiri ndi wa amayi, koma pa fomu pamalembedwa abambo. Banja likadzagwedezeka, amayi ndi ana amatsala opanda munda, opanda ndalama. Lembetsani mwini munda weniweni, kapena nonse awiri, monga mayina alili pa chitupa cha unzika.

Musanasaine, munthu amene mumamukhulupirira akuwerengereni, kenako jambulani pepalalo ndi foni. Funsani kuti ndalama idzafika liti. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndiye ndalama yowerengedwa lero ikachedwa, sidzagulanso matumba a feteleza amene ikanagula. Akakuchedwetsani, pemphani kuti awerengerenso. Ngati pali mwayi wopatsidwa munda wina m'malo mwa ndalama, ine ndingasankhe munda, bola ndikauone kaye nthaka yake ndi kumene kuli madzi.

Lamulo la zachilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito zikuluzikulu ziunikidwe kaye mmene zikhudzire anthu ndi chilengedwe, ndipo amene amayang'anira ndi a MEPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe. Choncho kudandaula si mwano. Lembani dandaulo lanu, perekani ku komiti ya madandaulo, lina musunge. Pakapanda yankho, pitani nalo ku ofesi ya DC.