Kaseweredwe ka tonamenti ya poker pa foni kwa ife ongoyamba kumene

Anyamata ambiri kuno ku Kasungu akamva poker amaganiza kuti ndi chimodzimodzi kubetcha mpira, ayi ndithu zimasiyana. Pa mpira mumayika ndalama pa timu kenako mumangokhala kudikira mphindi 90 manja ali m'thumba. Pa poker mukulimbana ndi anthu anzanu omwe akhala patebulo lomwelo, kampani imangodulapo kagawo kake kotchedwa rake, ndiye amene amaganiza bwino kuposa anzake ndi amene pakapita nthawi amatsala ndi kanthu. Koma tisanamizane, ndi juga basi, ndipo ambiri amadyedwa. Ine sindine kadaulo, ndimasewera timatonamenti tating'ono usiku ndikaweruka, ndiye zomwe ndilembe apazi ndi za munthu wa msinkhu umenewo.

Mtundu womwe mudzaupeze paliponse ndi Texas Hold'em. Makhadi ndi omwe aja 52 timawadziwa, aliyense amalandira awiri obisa, kenako pakati pa tebulo amagwetsa asanu oti aliyense agwiritse ntchito: atatu oyamba pamodzi ndiye flop, lachinayi turn, lomaliza river. Mumatenga asanu abwino kwambiri pa asanu ndi awiri amenewo. Kuyambira pansi kukwera, peya imodzi, mapeya awiri, atatu ofanana, straight yomwe ndi asanu otsatizana, flush yomwe ndi asanu a mtundu umodzi, full house, anayi ofanana, kenako straight flush. Izi lowezani musanayike ngakhale 1 tambala, munthu amene akukayikirabe ngati flush imadya straight asalowe kaye.

Tonamenti imayenda chonchi: nonse mumalipira ndalama yolowera yofanana yotchedwa buy-in, mumapatsidwa machipi ofanana, ndipo machipi anu akatha mwatuluka. Pa dzanja lililonse, ndiye kuti nthawi iliyonse makhadi akagawidwa, anthu awiri amakakamizidwa kuyika machipi asanaone makhadi, wina ochepa (small blind) wina ochulukirapo (big blind), ndipo ma blind amenewa amakwera pakangopita mphindi zingapo, kutsogoloko kumabweranso kamsonkho kena kotchedwa ante komwe kamadula tebulo lonse. Ali ngati anankafumbwe m'thumba la chimanga, ngakhale simukulitsegula likuchepabe. Olandira ndalama amakhala ochepa, kawirikawiri anthu 10 mpaka 20 pa 100 aliwonse, ndipo ndalama yeniyeni ili pa tebulo lomaliza makamaka atatu apamwamba. Ndiye dziwiranitu kuti ngakhale wosewera bwino amatuluka chimanjamanja maulendo ambiri kuposa omwe amalandira.

Tsopano nkhani yaikulu, yomwe anthu safuna kuimva: fold. Tayani makhadi, tayaninso, tayanibe. Wongoyamba kumene akaona K ndi 4 mtima umagunda eti ndili ndi king, akaona 9 ndi 3 a mtundu umodzi akuti mwina flush ibwera, ndiye amalowa pafupifupi dzanja lililonse kenako pofika ola limodzi watha. Patebulo la anthu 9, mukakhala woyamba kuyankhula sewerani manja amphamvu okha, mapeya akuluakulu, A ndi K, A ndi Q, ena otsalawo tayani osadandaula. Manja 10 aliwonse mukhoza kutaya 8 ndipo palibe cholakwika. Zimatopetsa inde, mumangokhala kuyang'ana foni anzanu akumenyana, koma nthawi imeneyo ndi yomwe mumaonera kuti uyu amareyiza chilichonse, ndiye kuti kukweza machipi obetcha, uyu akabetcha ndiye kuti ali nacho ndithu. Masaiti ambiri amalola kulemba kanoti pa dzina la munthu kapena kumupaka mtundu, gwiritsani ntchito zimenezo, mudzakumana nayenso.

Malo omwe mwakhala ndi theka la masewero. Amene ali pa button, kachizindikiro ka wogawa makhadi komwe kamazungulira tebulo, amayankhula pomaliza pa flop, turn ndi river, waona kale zomwe wina aliyense wapanga asanaganize zake. Dzanja ngati J ndi 9 a mtundu umodzi ndi zinyalala mukakhala koyambirira, koma pa button onse atafolda ndi dzanja loti mureyize bwinobwino. Ndipo mukafuna kulowa muli woyamba lowani ndi raise, ma big blind awiri kapena awiri ndi theka, osati kumangoyika call, kungofananitsa zomwe zabetchedwa kale, mwamanyazi ngati mukupempha chilolezo. Mukareyiza muli ndi njira ziwiri zodyera, onse afolde kapena mukhale ndi dzanja labwino pamapeto. Mukangopanga call njira ndi imodzi yokha.

Siyani kuwerenga machipi, werengani ma big blind. Wina amanyadira kuti ndili ndi 12,000 pomwe ma blind ali pa 600 ndi 1,200, amwene amenewo ndi ma big blind 10 okha, muli m'madzi. Masaiti ambiri ali ndi setting yoonetsa stack yanu, machipi onse omwe muli nawo, mu ma big blind (BB), yatsani lero lomwe. Mukakhala ndi 40 kupita m'mwamba muli ndi mpata wosewera poker yonse, kuona flop, kubetcha, kufolda. Pakati pa 15 ndi 25 muyambe kusamala, musamareyize ndi dzanja lomwe simukudziwa chochita wina akakubwezerani. Mukatsika kufika pa 10 zatsala ziwiri basi, all-in (kuyika machipi anu onse) kapena fold, ndipo apa ndi pomwe ongoyamba amafera, amadikira ma A awiri mpaka atsale ndi ma blind atatu, pomwe ma A awiri amabwera kamodzi pa manja 221. Ndi ma blind 10 anthu amaopabe all-in yanu ndipo amafolda, mumatola ma blind ndi ante omwe pamodzi amakwana pafupifupi awiri ndi theka osaonetsa khadi. Ndi atatu palibe amene akuopeni. Ndiye muli pa button kapena pafupi napo, onse afolda, muli ndi A ndi kena kake, peya iliyonse, K ndi 10, kankhani zonse.

Kasamu kakang'ono kokha ndi kofunika, ka sitandade 8 kakukwana. Tinene muli ndi makhadi awiri a mtima, pa flop pagwa ena awiri a mtima. Mtundu uliwonse uli ndi makhadi 13, mwaona 4, atsala 9 omwe angakupatseni flush, amenewa amatchedwa ma out. Ngati kwatsala khadi limodzi chulukitsani ma out ndi 2, mupeza pafupifupi 18 pa 100. Ngati muona makhadi onse awiri osalipiranso, monga mukakhala all-in pa flop, chulukitsani ndi 4, pafupifupi 35 pa 100. Tsopano yerekezani ndi mtengo. Pakati pali 1,000, mnzanu wabetcha 500 pa turn, ndiye mukuyika 500 kuti zonse zikhale 2,000, kutanthauza kuti mukufunika kudya 25 pa 100 kuti zisakuluzeni. Inu muli ndi 18 kapena 19. Pokhapokha ngati nonse muli ndi machipi ambiri kumbuyo ndipo munthuyo ndi uja samafolda flush ikagwa, tayani. Mtima ukuuzani kuti ikubwera ikubwera, mtimawo suwerenga. Chimodzimodzi timapeya tating'ono ngati 4 ndi 4, kachitatu kamagwa pa flop pafupifupi kamodzi pa maulendo 8, ndiye kulipira raise kuti mukasake kumapindula pokhapokha stack zili zazikulu.

Za bulafu sindichulutsa. Pa matebulo otchipa anthu safolda, munthu ali ndi peya yapansi amakutsatani mpaka river, ndiye mukumunamiza ndani? Ndalama pamenepa imabwera mukakhala ndi dzanja labwino n'kubetcha kolimba kuti alipire. Musabise dzanja lamphamvu pofuna kuoneka ochenjera.

Pali nthawi ina yotchedwa bubble, pomwe kwatsala anthu ochepa kuti otsalawo ayambe kulandira. Apa tebulo limasintha, a stack zapakati amanjenjemera safuna kutuluka opanda kanthu atakhala maola atatu. Ngati muli ndi machipi ambiri ino ndi nthawi yokolola, reyizani pafupipafupi makamaka pa anthu amenewa, koma pewani kugundana ndi mnzanu wa stack yaikulu popanda chifukwa. Ngati muli pakatikati musayike call ya all-in ndi dzanja lokayikitsa, chifukwa mu tonamenti machipi omwe mungaluze amapweteka kuposa phindu la omwe mungadye, akadaulo amazitcha ICM. Koma musapitirirenso malire kumangobisala kuti mulandire kamtengo kotsiriza komwe nthawi zambiri sikafika ngakhale kawiri buy-in yanu. Ine ndimaona kuti bola kutuluka pa bubble nthawi zina ukuyesa kumanga stack yokafika nayo tebulo lomaliza.

Ndiye pali zathu za kuno zomwe mavidiyo a pa YouTube sanena. Netiweki ikaduka tonamenti sikudikirani, nthawi yanu ikatha makhadi amafoldedwa okha ndipo ma blind akupitirira kudya. Musanalembetse onani kuti foni yadzadza, pawabanki ili pafupi, bandulo sikuthera pakati, ndipo ngati foni ili ya ma sim awiri onse akhale ndi kadata. Amene muli chakumudzi monga ku Santhe, Chamama kapena Nkhamenya mukudziwa kale pakona pomwe netiweki imakoka bwino, khalani pamenepo kuyambira pachiyambi osati kuthamanga ndi foni panja mdima uli bii muli ndi ma K awiri. Poker siidya data yambiri, chomwe imafuna ndi netiweki yosadukaduka, ndiye tsekani zina zonse ndipo ma call a pa WhatsApp adikire pa break, masaiti ambiri amapumitsa mphindi 5 ola likamatha. Onaninso nthawi. Matonamenti ambiri amakonzedwera madzulo a ku Europe, ndipo nthawi yathu imafanana ndi ya ku Germany kapena France kuyambira kumapeto kwa March mpaka kumapeto kwa October, miyezi inayo ife timatsogola ndi ola limodzi. Tonamenti ya anthu masauzande yoyamba 9 koloko usiku ikhoza kukufikitsani m'bandakucha, ngati mawa muli ndi ntchito kapena kumunda sankhani yaing'ono, kapena sit and go ya tebulo limodzi yomwe imatha pafupifupi pa ola.

Ndalama. Masaiti akunja amawerengera mu madola, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 ngakhale buy-in ya dola imodzi si yoseweretsa. Patulani ndalama ya poker yokha, yoti ikatha simulira, ndipo buy-in imodzi isapitirire gawo limodzi pa 100 la ndalamayo. Ngati mwapatula madola 50 ndiye kuti malo anu ndi a masenti 50, osati a madola 5 chifukwa choti mphoto yake ikukopa. Ngati mulibe yambani ndi ma freeroll, olowa ulere, anthu amasewera mopenga kumeneko koma mumaphunzira mabatani ndi kudekha. Ya fetereza, ya fizi, ya lendi, ya banki mkhonde, yomwe yangotuluka fodya atagulidwa ku Chinkhoma, imeneyo isayandikire. Katapila ndiye musayerekeze n'komwe. Masewerowa ndi a anthu a zaka 18 kupita m'mwamba, ndipo kuno za juga zimayang'aniridwa ndi Malawi Gaming and Lotteries Authority, ndiye musanayike ndalama paliponse fufuzani kuti saitiyo ili ndi laisensi yochokera kuti, ikulola anthu a ku Malawi, ndipo ndalama imatuluka bwanji. Yesani kutapa kandalama kochepa kaye muone ngati kafika. Ndipo timagulu tomwe munthu wina amati nditumizireni pa Airtel Money kapena Mpamba ndikuyikireni machipi, ndalama yanu ili m'manja mwa munthuyo basi, akazimitsa foni mulibe kokadandaula.

Aliyense amakonda nkhani ya Chris Moneymaker, akauntanti wa ku Tennessee amene anapeza mpando kudzera pa satellite, katonamenti kotchipa komwe mphoto yake ndi mpando wa tonamenti yaikulu, ya pa saiti ya PokerStars n'kukawina Main Event ya World Series of Poker ku Las Vegas mu 2003, madola 2.5 miliyoni pa anthu 839. Zinachitikadi. Koma enanso 838 aja analipo, ndipo ambiri a iwo anabwerera opanda kalikonse.

Chomwe chimathetsa ndalama za anthu mwachangu ndi tilt, kupsa mtima. Ma A awiri akakumana ndi ma K awiri onse all-in amadya pafupifupi 82 pa 100, kutanthauza kuti pafupifupi kamodzi pa kasanu K wachitatu kapena china chake chimagwa n'kukutulutsani, ndipo simunalakwitse chilichonse. A ndi K akakumana ndi ma Q awiri ndi pafupifupi theka theka. Zikatero thupi limatentha, chala chimathamangira kulembetsa ina yodula kuti mubweze. Ikani lamulo musanayambe, lero ndisewera ziwiri kapena zitatu, zikatha foni pansi. Masaiti ambiri ali ndi polembera malire a ndalama yomwe mungayike pa sabata, lembani mutu uli wozizira. Ndipo mowa ndi poker ayi, kusewera muli pa bala ndi kupereka mphatso. Mukaona kuti mwayamba kubisira akunyumba kapena kubwereka kuti musewere, imani, saiti ili ndi batani lodzitsekera nokha kwa miyezi.

Kuti muzikwera pezani kope la 32 peji. Tonamenti iliyonse lembani buy-in, anthu angati, mwathera nambala chani, mwalandira zingati, popanda kubisa zoluza. Kenako tsegulani hand history, pomwe saiti imasunga manja omwe mwasewera, musankhe manja awiri kapena atatu omwe munakayikira, osati omwe munadyedwa mwatsoka, lembani munali pamalo ati, ma BB angati, mnzanuyo anabetcha zingati, ndipo mtengo unali wolondola kapena ayi. Pali timapulogalamu taulere towerengera equity, mwayi wanu wodya dzanjalo, mumalowetsa makhadi anu ndi omwe mukuganiza kuti mnzanu angakhale nawo, timakuuzani peresenti. Mukapeza mnzanu mmodzi wosewera kambiranani manja amenewo tonamenti itatha, osati ili mkati, kuuzana makhadi patebulo limodzi ndi kubera ndipo akaunti amatseka ndi ndalama zomwe. Pomutumizira dzanjalo mulekeze pomwe munayenera kusankha, musamuuze khadi lomwe linagwa pa river mpaka atayankha.