Musanatsetserekere ku bichi ku Cape Town December uno, werengani kaye izi

Chaka chilichonse December akafika ma status amadzadza ndi zithunzi za ku bichi, wina wavala magalasi akuda, wina wanyamula mwana paphewa mafunde ali kumbuyo, koma zomwe sitiika pa status ndi zija za mowa omwe unalandidwa usanatsegulidwe nkomwe, mwana yemwe anasowa ma awa awiri, kapena m'bale yemwe anachita kumuvuula atamwa madzi amchere mpaka kusanza. Nde ndati ndilembeko pang'ono makamaka kwa inu amene mwangofika kumene kuno ndipo holide ino ndi yoyamba. Ndikamba kwambiri za Muizenberg ndi mbali yonse ya False Bay chifukwa ndi komwe ambirife timathamangira, sitima ya Southern Line yopita ku Simon's Town imakutsitsa mchenga ukuwuona pompo, komanso madzi ake ndi ofundirako kusiyana ndi a ku Clifton ndi Camps Bay omwe ukangoviika phazi mafupa amachita kuwawa ngakhale dzuwa likuswa mtengo.

Musachite mantha, bichi ndi ya aliyense ndipo Muizenberg sulipira kanthu. Nthawi ya apartheid mabichi abwino anali a azungu okha mpaka mu 1989 pomwe anawatsegula kwa onse, lero palibe angakuthamangitseni chifukwa cha khungu kapena chifukwa mukuyankhula Chichewa. Koma malamulo alipo ndipo mu December sachita nawo masewera.

Ndiyambe ndi madzi chifukwa ndi omwe amapha. Ambirife timadzidalira ati ine ndinakulira kunyanja kusambira ndimatha, chabwino, koma nyanja ino ili ndi khalidwe lina. Kuli chomwe amati rip current, madzi omwe mafunde akankhira kumtunda amafuna pobwerera nde amapanga ngati kamtsinje kothamanga kulowera mkati. Chopusitsa chake nchoti malo amenewo ndi omwe amaoneka odekha, mbali zonse mafunde akuswa thovu loyera koma pakatipo pali zii, madzi akuderako kapena avundukirako ndi mchenga, munthu nkumati apa nde pabwino posambitsira ana. Pamenepo ndi pomwe pali ngozi. Ine ndinazionera ndekha chaka changa choyamba, mnzanga amene timakhala naye yadi imodzi analowa madzi ongofika mchiuno akuseka, akutiuza kuti timujambule, sipanathe mphindi timangoona kamutu kokha kutali uko manja akupalasa koma sakusuntha. Mwayi wake panali mnyamata wa surfboard pafupi yemwe anamukokera kumbali. Atatuluka anakhala pansi nthawi yaitali osayankhula, kenako anangoti aise mchenga umachita kuthawa kumapazi.

Ikakugwirani musalimbane nayo kufuna kubwerera molunjika komwe mwachokera, mungotopa pachabe, ndipo kutopako ndi komwe kumamiza munthu chifukwa rip siikokera pansi, imangokutengera kutali. Gonani chagada muyandame, kwezani dzanja limodzi anthu akuoneni, mukapezako mpweya sambirani chammbali motsatira gombe mpaka mutuluke mu kamtsinjeko, kenako mafunde omwewo akuthandizani kubwerera. Masiku omwe mwezi uli wathunthu komanso ukakhala kuti wangobadwa kumene madzi amakwera ndi kuphwa kwambiri kuposa nthawi zonse, ma rip nawo amakula mphamvu, nde muziyang'anako kumwamba musanapangane tsiku.

Njira yosavuta ndi yongosambira pakati pa mbendera ziwiri zofiira ndi zachikasu zija zomwe ma lifeguard amazika mumchenga. Amazisuntha malinga ndi mmene madzi alili tsiku limenelo, ndiye zoti dzulo tinasambira apa sizigwira ntchito. Akakuimbirani wezulo musapse mtima ngati akukunyozani, akukubwezani mwatuluka mu mzere basi. Nthawi ya season amakhalapo kuyambira 10 mmawa mpaka 6 madzulo, ndipo apa ndikufuna ndiwapemphe azibusa ndi akuluampingo amene mumapita ndi anthu kukabatiza kapena kukapemphera mbandakucha, nthawi imeneyo kulibe aliyense wokuyang'anirani, munthu wavala mkanjo wautali wonyowa, wolemera, funde limodzi lokha lakwana. Bwanji osapita ku tidal pool, madamu omangidwa ndi khoma mmphepete mwa nyanja aja, ngati la ku St James kapena Dalebrook kufupi ndi Kalk Bay, madzi ndi omwewo amchere koma sakukoka. Kwa ana ang'ono ndi kwa inu osatha kusambira kumenekonso ndi komwe ndingakulozereni.

Wina akamamira musadumphire chimanjamanja, tamva kangati zoti wopulumutsa ndi amene wapita. Mmabichi ambiri, a NSRI, bungwe lopulumutsa anthu panyanja, anapachika ma buoy a pinki, zoyandama zogwirira munthu akamamira, pamitengo kuyambira 2017, tengani limenelo kapena chilichonse choyandama mumuponyere, wina aimbe 112 pa foni kapena 021 480 7700 yomwe ndi ya ngozi ya City of Cape Town. Sungani manambalawa panopa musanaiwale. Ndipo chonde buoy ameneyo si chidole cha ana kapena chokongoletsera kuchipinda, mukamaliza mumubwezere pamalo pake.

Ku Muizenberg muonanso mbendera ina yojambulidwa shaki, imeneyo ndi ya a Shark Spotters omwe anayambira komweko mu 2004, munthu amakhala paphiri cha ku Boyes Drive maso ali pamadzi nkumalumikizana ndi wina pansi. Yobiriwira ndiye kuti akuona bwino mmadzi, yakuda madzi sakuoneka bwino sangathe kutsimikiza, yofiira khalani tcheru shaki yaonekako posachedwa, yoyera limodzi ndi sayirini tulukani nthawi yomweyo, osathamanga mopondana koma osatinso ndimalize kaye selfie. Ku Fish Hoek nthawi yotentha amatchinga mbali ina ndi ukonde kuti anthu azisambira mtima uli mmalo.

Tsopano nkhani yomwe imatipweteka ambiri, mowa. Mowa ndi oletsedwa pa bichi iliyonse ya mzindawu, kungopezeka nawo kokha ndi mlandu ngakhale simunamwe. Masiku otchuka aja, pa 16 ndi 26 December ndi pa 1 January, ma ofisala amasecha ma kulabokosi ndi zikwama mpaka mmagalimoto oimika pafupi, akaupeza amalanda nkukulemberani fayini, ndipo mukafuna kukawombola mowawo pali ndalama inanso yolipira yomwe nthawi zambiri imaposa mtengo wa mowa weniweniwo. Njomba zothira mu botolo la juwisi kapena mu flask ya tiyi amazidziwa kalekale, amanunkhiza. Ife zinatichitikira, kireti yonse yomwe tinasonkherana anthu asanu inapita tikuyang'ana, ndipo sindingadandaule chifukwa chikwangwani chinali pamaso pathu pomwepo. Kunena zoona lamuloli ine ndimagwirizana nalo, munthu woledzera amaona nyanja ngati bafa. Mabotolo agalasi nawonso asiyeni kunyumba, ngakhale a zoziziritsa kukhosi, akasweka mumchenga amacheka mapazi a ana. Braai pamchenga ayi, pali malo ake omwe anakonza, funsani musanayatse moto. Sipika yaikulu ija yochita kukoka ndi matayala, anthu akadandaula adzakuuzani muzimitse. Wofuna kugulitsako kanthu pa bichi, kaya ma ice lolly kaya magalasi kaya kuluka tsitsi, pamafunika permit ya City apo ayi katundu amalandidwa.

Amayi ndi abambo okhala ndi ana, tsiku la Boxing Day anthu amachuluka moti mchenga suoneka, mwana ukangotembenuka kuti utenge thawulo wapita, ndipo onse amafanana akanyowa. Mukangofika fufuzani tenti ya Identikidz, ndi ulere, amalemba nambala yanu nkumuveka mwana kachibangili padzanja kuti akasowa akuimbireni. Mwana wamkulu wa zaka 10 si mlezi wa mmadzi, musamusiyire ang'ono ake inu nkumacheza chagada. Pochoka awerengeni, makamaka ngati mwabwera gulu pa takisi imodzi, chifukwa aliyense amaganiza kuti mwana ali ndi mnzake.

Pali tinthu tina tomwe simungaganizire. Mphepo ya south-easter ikawomba imabweretsa ma bluebottle, kanthu ka buluu kooneka ngati kathumba kapulasitiki kofufuma kokhala ndi kachingwe kakatali, ana amakonda kukatola koma kamawotcha ngati moto ngakhale katafa kale pamchenga. Mukawotchedwa musapake kapena kukanda, tsukani ndi madzi a mnyanja momwemo mupite kwa lifeguard. Ma seal nawo, akatumbu a mnyanja aja omwe amagona pa doko la Kalk Bay ngati agalu oweta, musawayandikire, mu 2024 anapezeka ndi chiwewe, akakulumani kapena kukukandani thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.

Inu okonda kuwedza, kuno mbedza imafuna permit, ngakhale kutola ma mussel, tinkhono takuda tomata pamiyala tija, nakonso nchimodzimodzi ndipo pali mlingo wake patsiku. Gombe lozungulira Cape Peninsula ndi malo otetezedwa kuyambira 2004, ndipo malo ena ngati pakati pa St James ndi Kalk Bay komanso ku Boulders simuloledwa kuchotsa chilichonse ngakhale muli ndi permit. Perlemoen yokhayo, nkhono ya mnyanja yomwe ena amati abalone, musayerekeze nkomwe, wina akakuuzani kuti mungomusungira kapena kumunyamulira chikwama mupatsidwa kenakake, kanani, anthu amamangidwa nayo zenizeni, nanga mlendo wokhala ndi mlandu wotere mapepala ake angayendenso?

Tikakamba za mapepala, ine pasipoti yeniyeni sindipita nayo kumadzi, ndimanyamula fotokope yodindidwa kupolisi, amadinda ulere, nkuyikulunga mu pulasitiki. Kupatula tsiku lomwe mukupita ku Boulders kukaona ma penguin, kumeneko kumalipiritsa chifukwa ndi kwa SANParks, bungwe loyang'anira mapaki a dziko lino, ndipo mitengo ilipo itatu, wa eni dziko, wa anthu a mmaiko a SADC ndi wa alendo ena onse. Malawi ili mu SADC nde mukaonetsa pasipoti mumalipira wapakatiwo, mukaiwala akutchajani ngati mwachokera ku Germany. Ma penguin wo ajambuleni muli patali, amaluma.

Foni ndi waleti musakwirire mumchenga pansi pa thawulo nonse nkulowa mmadzi, akuba amakhala akuyang'ana amene akukwirira, muzisinthana wina atsale pa katundu. Mukabwera pagalimoto musasiye kanthu pampando, ndipo car guard mpatseniko kangachepe pochoka, mwinanso mupeza kuti ndi wakwathu. Za sitima onani nthawi yomaliza mukangotsika mmawa chifukwa pa holide sizimayenda ngati masiku antchito, ndipo madzulo aliyense amafuna kukwera nthawi imodzi, ine ndimayamba kupinda mathawulo cha mma 4 koloko mphepo ija isanayambe kutimwaza mchenga mmaso.